Galimoto yotidikirira pa OR Tambo

Ndikanakhala ndekha sindikanadzivutitsa n'zobukitsa galimoto. Ku Joni ndafikako kangapo ndipo njira yanga ndi imodzi: ndikatuluka pabwalo la ndege la OR Tambo ndimakwera sitima ya Gautrain, mphindi 15 ndili pa Sandton. Koma ulendo wa mu Okutobala 2024 ndinali ndi amayi, a zaka 74, bondo lakumanzere litakaniratu ntchito, tikupita kukaonana ndi dokotala wa mafupa. Hotela tinaipeza ku Rosebank. Sitima yochokera pabwalo la ndege imathera pa Sandton, ndiye wa ku Rosebank amatsika n'kukwera ina yolowera ku Park Station. Ndinadziona m'maganizo ndikukankha chikuku, masutikesi awiri akunditsata, amayi akufunsa ngati sitinafikebe. Tikiti yakenso ndi yoposa R200 munthu mmodzi, moti anthu awiri ndalama yayamba kale kuyandikira ya galimoto.

Uber ndi Bolt, matakisi oitanitsa pafoni, ziliko, zotsikirapo mtengo. Koma zimafuna foni yoti ili ndi intaneti nthawi yomweyo, ndipo malo ake okwerera ali kumene amaimika magalimoto, kamtunda ndithu kwa munthu wa bondo. Msuweni wanga wa ku Germiston, yemwe tsikulo anali pa shifiti, anandiuza mosapita m'mbali: "Asisi, musakayendeyende pabwalo paja ndi agogo ngati mukusaka minibasi pa Wenela. Pezani munthu woti akakudikireni ndi dzina lanu." Anandikumbutsanso nkhani zomwe zinkatuluka m'manyuzipepala a kumeneko, za achifwamba otsatira apaulendo kuchokera pabwalo la ndege mpaka pageti. Ndinangoti chabwino.

Ndinayamba ndi hotela yomweyo. Ndinawalembera imelo kufunsa ngati amatenga alendo awo pabwalo la ndege. Anayankha tsiku lomwelo kuti galimoto yawoyawo alibe, koma ali ndi kampani yomwe amagwira nayo ntchito, ndipo ndalamayo akhoza kuiphatikiza pa bilu ya chipinda. Mtengo womwe ananditchulira ndinauyerekeza ndi wa makampani ena atatu pa intaneti, ndipo wa hotela unali pamwamba pa onse. Si zachilendo, naonso amadyapo pang'ono. Chomwe ndinapindula n'choti dzina la kampaniyo ndinalidziwa, ndiye ndinapita pa webusayiti yawo n'kupeza kuti ndikabukitsa ndekha mtengo ukutsika. Kampani yoti hotela imaidalira tsiku ndi tsiku ndinaiona yabwino kusiyana ndi ina yotchipa yomwe inalibe adiresi, nambala ya WhatsApp yokha basi.

Fomu yake ndi yaifupi koma ili ndi misampha.

Malo okwerera ndi otsikira savuta, bola adiresi ya hotela ilembedwe yonse, chifukwa mahotela a kampani imodzi amakhala ndi dzina lofanana ku Rosebank, ku Sandton ndi kwina. Kenaka pakubwera nambala ya ndege. Iyi si nambala ya tikiti yaitali ija ayi, ndi zilembo ziwiri zotsatana ndi manambala angapo, zomwe zimalembedwa pafupi ndi nthawi yonyamukira. Ndege za Malawi Airlines zimayamba ndi 3W, za Airlink ndi 4Z. Poyamba ndinkaiona ngati yongodzazira fomu, koma ndiyo mtima wa nkhani yonse. Ndi nambala imeneyi kampani imaona ngati ndege yanyamuka mochedwa, dalaivala n'kusintha nthawi yake popanda inu kumuimbira. Imawauzanso khomo lomwe mutulukire, chifukwa pa OR Tambo obwera kuchokera kunja amatulukira ku Terminal A, pamene a ndege za m'dziko momwemo amatulukira ku Terminal B.

Pa nthawi, amafuna yotera ndege, osati yonyamuka. Mwayi wake wotchi ya ku South Africa ndi ya kwathu n'zofanana. Wopita ku Dubai kapena ku Guangzhou apa ndi pomwe amapunthwa, ayenera kulemba nthawi ya komwe akupitako monga ilili patikiti.

Pa katundu ndi pomwe ndinakhalitsa. Galimoto yotchipa kwambiri inali yaing'ono, yangati Corolla, ndipo analemba kuti imanyamula anthu atatu ndi masutikesi awiri. Ife tinali awiri, masutikesi awiri, ndiye powerengera zimakwana. Koma chikuku chopinda chija chikalowa m'buti chimadya malo a sutikesi yathunthu, ndipo amayi sayenda opanda chikwama chachitatu chomwe iwo amati "kachikwama" ngakhale chikulemera ngati thumba la feteleza. Chinanso, kuti munthu wa bondo louma akhale pampando wotsika kenaka n'kudzukanso ndi nkhondo. Ndinasankha yokulirapo, ya chitseko chotsetsereka, yangati Hyundai H1. Ndalama inakwera, mtima unawawa, koma ndinadina. M'kabokosi ka zopempha zapadera ndinalemba kuti ndili ndi mayi wachikulire wa pachikuku, titulukira kumapeto, dalaivala asatope.

Mawu ang'onoang'ono a pansi pa fomu aja, omwe tonse timangowalumpha, tsiku limenelo ndinawawerenga. Ndinkafuna ndidziwe kuti adikira nthawi yaitali bwanji osalipiritsa. Iwo anati ola limodzi kuchokera pomwe ndege yatera, kupitirira apo mtengo umayamba kuwerengedwa. Ndinkafunanso kudziwa za ndalama yoimikira galimoto pabwalo la ndege ngati ili momwemo, ndipo inalimo, komanso zoti tikalephera ulendo atibwezera kapena ayi. Anati abweza yonse bola tiwauze kutatsala maola 24. Poti tsiku la dokotala limatha kusintha, mfundo imeneyi ndinaijambula n'kusunga.

Kenaka kulipira. Aliyense amene anayesapo kugula chinthu kunja ndi khadi ya banki ya kwathu chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa zomwe ndikunena. Ndinalemba manambala a khadi, uthenga wa nambala yachinsinsi unabwera pafoni, ndinailowetsa, kenaka kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira, n'kundiuza kuti zakanika. Kachiwiri chimodzimodzi. Nditaimbira kubanki, mtsikana wa ulemu wake anandiuza kuti mlingo wa ndalama zakunja womwe khadi yanga imaloledwa pamwezi unathera pa hotela. Ndinalembera kampani ija kufunsa ngati ndingadzalipire dalaivala pamanja. Anakana, ati madalaivala awo sayenda ndi ndalama, koma anatumiza linki yoti wina aliyense akhoza kulipirirapo. Msuweni uja analipira ndi khadi yake ya komweko, ine n'kukapereka makwacha kwa azakhali ku Ndirande, omwe iye amayenera kuwatumizira ya pamwezi. Nkhani inathera pomwepo.

Imelo yotsimikiza inabwera ndi nambala ya bukingi, ndipo inati kutatsala tsiku limodzi adzanditumizira pa WhatsApp dzina la dalaivala, foni yake ndi nambala ya galimoto. Tsikulo linafika, ine ndili kalikiliki kulongedza, dzuwa mpaka kulowa uthenga osabwera. Cha m'ma 7 koloko usiku ndinatsegulanso imelo ija kuti ndiwakalipire, ndipo m'pomwe ndinaona kuti wolakwa ndine. Nambala yanga ya foni ndinailemba monga timalembera kwathu, kuyamba ndi ziro, osaika +265. Uthenga wawo unapita kwa munthu wina kapena unangosowa m'malere. Ndinawalembera mwamanyazi, ndipo pasanathe theka la ola foni inalira: dzina, chithunzi cha dalaivala, mtundu wa galimoto ndi nambala yake. Zonsezo ndinazijambula pafoni, n'kuzilembanso ndi cholembera kuseri kwa pepala la tikiti, kuopa batire.

Za chikuku cha pabwalo la ndege ndi nkhani ina, sizikhudza a galimoto. Chimenecho mumapempha ku kampani ya ndege masiku awiri ulendo usanafike. Ndinatero, ndipo chathu chinapita pamodzi ndi katundu.

Kuchokera pa Chileka ndi maola awiri ndi kanthu. Tikutsika, amayi anali pawindo, akuyang'ana milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, agogo ako ankabwera kuno pa Wenela, akukakumba zimenezo." Anandikumbutsa kuti ulendo wawo womaliza unali ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi isanagwe ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, pomwe a Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito za kumigodi. "Iwo ankawawerenga ngati ng'ombe padibi. Ine akuti wina akundidikira ndi dzina langa papepala?" Anaseka mpaka kutsokomola.

A pachikuku amatsika anthu onse atatha, ndiye tinakhala m'ndege mpaka inatsala yopanda kanthu. Mnyamata wotikankha anatidutsitsa pamzere wapadera wa mapasipoti. Amalawi safunika viza ngati akukhala masiku osapitirira 30, koma anatifunsa komwe tikafikire, ndipo pepala la hotela ndi kalata ya dokotala zinali m'manja. Tikudikira katundu ndinalumikiza foni pa Wi-Fi yaulere ya pabwalopo n'kupeza uthenga wa dalaivala: waona kuti tatera, ali pafupi ndi chiboliboli cha Oliver Tambo, mwini dzina la bwaloli. Chiboliboli chimenechi anachiimika m'holo yofikira alendo mu 2017, pokumbukira zaka 100 chibadwire mkuluyo, ndipo ndi chizindikiro chabwino chokumanirapo chifukwa sungachiphonye. Ndinamuyankha kuti tikudikira chikuku chathu, chomwe sichitulukira palamba wa masutikesi koma pakhomo la katundu wamkulu. Ndinayang'ana wotchi: mphindi 40 za ola laulere lija zinali zitapita.

Zitseko zitatseguka tinakumana ndi khamu, ena atanyamula maluwa, ena mapepala, ena matabuleti owala mayina. Tisanayende mapazi khumi bambo wina wovala bwino, tayi ali pakhosi, anatiyandikira akumwetulira n'kugwira chogwirira cha trole yathu. Anafunsa pa Chingerezi ngati tikupita kuhotela, n'kunena kuti galimoto ili panja. Kunena zoona anaoneka wodalirika kuposa ine. Amayi anali atayamba kale kumuthokoza. Ndinakumbukira zomwe msuweni anandiuza, kuti dzina usatchule ndiwe, atchule ndi iyeyo. Ndinamufunsa kuti wabwera kudzatenga ndani. Anati, "Inuyo, mama." Ndinati dzina. Anayang'ana pasutikesi kufuna kuwerenga kachikwangwani, ine n'kuimirira kutsogolo kwake. Anasiya trole n'kutembenukira kwa mzungu yemwe ankatuluka pambuyo pathu. Mwina anali wa takisi wamba wongosaka makasitomala, koma sindinafune kukadziwira m'galimoto mwake.

Wathu anali pomwe ananena, atanyamula tabuleti. Dzina lathu linali litasowa chilembo chimodzi, koma nkhope inali ya pachithunzi chija, ndipo ndisanatsegule pakamwa anatchula hotela ndi manambala omaliza a bukingi. Kwa amayi anawerama pang'ono n'kuti, "Sawubona, gogo." Amayi anatembenukira kwa ine maso ali gwa: "Wamva? Akuti agogo. Ndi wakwathu ameneyu?" Anali Mzulu wa ku Soweto, koma kuyambira pamenepo anali mwana wawo.

Anatenga trole, ife pambuyo, mpaka pomwe anaimika galimoto. Ndisanakweze amayi ndinazungulira kumbuyo n'kuyerekeza nambala ndi ya papepala langa. Iye anaona, sanakhumudwe, anangogwedeza mutu n'kuti ndachita bwino. Anatulutsa kampando kopondera, amayi anakwera osabuula. Chikuku, masutikesi awiri ndi "kachikwama" kaja zinadzaza kumbuyo konse. Mu Corolla tikanachita kunyamula china pamiyendo.

Tinatuluka ndi msewu wa R24, pa Gillooly's n'kukhotera mu N3, kenaka M1 mpaka kutsikira ku Rosebank. Mitambo inali itayamba kuda monga imachitira kumeneko masana a dzinja likamayandikira. Titadutsa pansi pa zitsulo zopingasa msewu zokhala ndi makamera, ndinafunsa ngati pali ndalama ya msewu yoti ndiwonjezere. Anaseka. Anati ma e-toll, makina olipiritsa pamsewu aja, anawazimitsa mu Epulo chaka chomwecho, anthu atakana kulipira kwa zaka zoposa khumi, zitsulozo zangotsala ngati zokongoletsa. Amayi sanamve nawo zimenezo. Iwo maso anali pa mitengo ya jakaranda yomwe inali itachita maluwa mbali zonse za msewu wa Oxford, akuti ngati ku Zomba.

Pahotela sanatisiye pamsewu. Analowa mpaka pakhomo, anatsitsa chikuku n'kuchitambasula yekha, n'kudikira mpaka wa pa risepishoni atapeza dzina lathu. Panalibe chosainira kapena cholipira. Ndinamupatsa R50 ya drinki, amayi n'kuwonjezera mtedza wokazinga wa m'kachikwama kaja, womwe ndinawauza kunyumba kuti asatenge.

Usiku womwewo ndinabukitsa wobwerera. Ulendo uno amafuna nthawi yonyamuka ndege, iwo n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo: maola atatu a pabwalo la ndege, kuwonjezapo ola la pamsewu chifukwa m'mawa N3 imadzadza. Anati adzatitenga 6 koloko. Nambala ya foni ndinaiyamba ndi +265, ndipo m'kabokosi ka zopempha amayi anandilamula kuti ndilembe kuti akufuna mwana wawo yemwe uja.