Zikomo nonse, buku lathu la makatuni latuluka

Buku lija latuluka. Lili ndi masamba 32, mkati ndi zithunzi zakuda ndi zoyera, chikuto chokha ndiye chamitundu. Pachikutopo pali mayina awiri, koma amene analivutikira ndi ambiri, n'chifukwa chake ndati ndithokoze poyera.

Ndiyambe ndi achimwene anga ojambula a ku Chilobwe. Anthu ambiri amayesa kuti wolemba makatuni amangoika mawu pa zithunzi zojambulidwa kale. Ayi, nkhani imayambira kwa wolemba. Ndiye amanena kuti tsamba lakuti likhale ndi timabokosi tisanu, m'koyambako mayi akutsika minibasi pa Wenela, thumba lili kumutu, kondakitala akumukuwira. Koma zolembazo sizingasangalatse munthu mpaka wojambula atazipatsa nkhope. Achimwene, ndinu amene munandionetsa kuti Chichewa chathu chili ndi mawu ataliatali, moti "sindidzakukhululukiraninso" yekhayo amadzaza kabaluni konse n'kuphimba nkhope ya woyankhulayo. Munkakonda kunena kuti zimene maso a munthu anena kale, pakamwa pasabwerezenso. Munandiphunzitsanso kuti chodzidzimutsa chizikhala pa tsamba la kumanzere, loti woliwerenga alione atatembenuza pepala, asachionere patali. Zimenezi sindikanazipeza m'kalasi.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche, inu ndi banja lanu munapulumuka, koma masamba onse amene munali mutapaka kale inki anapita ndi madzi. Anzanu oyandikana nawo ena munawaika m'manda. Ine za buku ndinaleka kuzitchula, chifukwa pamaliro sitikamba za makatuni. Munayambitsa nkhaniyo ndinu nokha patapita miyezi, mukufunsa ngati zithunzi zimene munkanditumizira pa WhatsApp ndinazisunga. Munajambulanso tsamba lililonse mukuyang'ana pa foni, muli m'nyumba ya eni. Ndilibe mawu okwana kukuthokozani.

Kenako mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye ndalama imene tinasonkha sinakwanenso. Apa ndithokoze bambo osindikiza a ku Limbe, amene sanatibweze. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti pepala limodzi likapindidwa pakati limatulutsa masamba anayi, choncho buku lotere silingachoke pa 36 kufika pa 35, liyenera kutsika mpaka 32. Tinachotsa masamba anayi, ndipo ndikaiona tsopano nkhaniyo ikuyenda mwachangu kuposa kale. Anatilolanso kulipira pang'onopang'ono.

Amayi a banki nkhonde ya kwathu ku Ndirande, munandibwereka ndalama pa chinthu chimene simunachionepo, osati mandasi kapena kaunjika amene phindu lake limadziwika. Zikomo amayi anga. Aphunzitsi a Chichewa amene munakonza kalembedwe n'kundiuza kuti mnyamata wa m'tauni sayankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi, zikomo. Ana a sitandade 7 amene tinakupatsani masamba oyesera, pamene munakhala chete osaseka tinakonzapo.

Ambiri tinakula tikulanda Malawi News Loweruka kuti tione kaye katuni tisanawerenge china chilichonse. Ntchitoyi kuno siidyetsa munthu payokha, tonse awiri masana timagwira zina, koma ndimafunitsitsa mwana wa ku Zingwangwa atsegule buku n'kupezamo msika wake, chigayo chake ndi chiyankhulo chake.

Inu amene munalipiriratu pa Mpamba ndi Airtel Money buku lisanaoneke n'komwe, ndipo munadikira osatikakamiza, Mulungu akudalitseni. Mabuku anu ayamba kufika sabata ino. A ku Bangwe, Chirimba ndi Chilomoni ndikubweretserani ndekha, a ku Zomba ndi Lilongwe titumiza pa basi.