Lipoti la ulendo wathu wokaphunzira kuyeza liwiro la mapulogalamu

Tinanyamuka m'mamawa, anthu 9 a m'gulu lathu la olemba mapulogalamu, kupita ku yunivesite ina imene ili ndi makompyuta akuluakulu ochitira kafukufuku. Anatiitana kuti tikagawane nzeru. Aliyense anali ndi chake chimene ankafuna kukaona, koma ine ndinanyamula vuto: pulogalamu yathu yowerengera tebulo lalikulu la manambala, imene inkachedwa moti munthu unkatha kuiyatsa n'kupita kukachita zina. Kwa milungu ingapo tinkakangana. Ena ankati vuto ndi masamu ogawa amene ali pakati pa loop (gawo la pulogalamu limene limabwerezedwa kambirimbiri), ena ankati tingogula makina amphamvu. Tonsefe tinkangopeka, panalibe amene anali atayeza.

M'chipinda cha maseva tinangodutsamo. Munkazizira, mafani akulira moti polankhula timachita kukuwa. Zinali zokongola ndithu, koma chimene chinandigwira mtima chinachitika masana, m'kachipinda kakang'ono, tonse titaunjikana pa sikirini imodzi.

Mayi amene anatilandira, katswiri woyang'anira makinawo, anayamba ndi funso lokhudza purosesa, kachipangizo kamene kamachita malangizo a pulogalamu m'kompyuta. "Achimwene, purosesa ikamaonetsa 100%, mumati ikutani?" Ndinayankha kuti ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Anapukusa mutu. Anati nambala imeneyo imangosonyeza kuti purosesa yaperekedwa kwa pulogalamu yanu, osati kuti ikupanga kanthu. Mmisiri akhoza kukhala pa ntchito tsiku lathunthu, chipande chili m'manja, koma akungodikira njerwa.

Kenako anatifotokozera za PMU, kagawo ka m'kati mwa purosesa kamene ntchito yake ndi kuwerenga zochitika: malangizo angati amalizidwa, ma cycle (kugunda kwa wotchi ya purosesa) angati adutsa, ndi kangati purosesa yafuna nambala mu cache (kankhokwe kake kakang'ono kachangu) n'kuisowa, ndi kangati yalosera molakwika njira imene pulogalamu ilowere. Popeza kuwerengaku kumachitika m'chipangizo momwemo, pulogalamu siichedwetsedwa kwenikweni. Ndinadabwa kumva kuti zimenezi si zatsopano. Pentium ya Intel ya mu 1993 inali kale ndi zowerengera zotere, ndipo chida choonera zowerengerazi chotchedwa perf chinalowa mu Linux 2.6.31 mu 2009. Zaka zonsezi tinali nacho pamphuno, osachigwirako.

Anatenga pulogalamu yathu n'kuiyendetsa ndi perf stat. Mizere ya manambala itatuluka, analoza ndi chala mzere umodzi wokha: malangizo omalizidwa pa cycle iliyonse, amene amati IPC. Purosesa zamakono zimatha kumaliza malangizo 4 kapena kuposa pa cycle imodzi. Yathu sinkafika n'komwe pa 1. M'munsi mwake, nambala ya cache-misses, yosonyeza kangati purosesa yasowa nambala mu cache, inali yaitali moti ndinachita kuwerenga manambala ake ndi chala.

Apa m'pamene anadekha pofotokoza, ndipo ndikufuna anzathu amene sanapite amvetse bwino. Purosesa ikafuna nambala imodzi ku RAM, nkhokwe yaikulu ya kompyuta, sitenga nambala yokhayo, imakoka chidutswa cha mabayiti 64 n'kuchiika mu cache. Manambala athu ndi a mtundu wa double, aliyense mabayiti 8, ndiye kuti ulendo umodzi umabweretsa manambala 8 oyandikana. Chinenero cha C chimasunga tebulo mzere wopingasa umodzi, kenako wotsatira. Koma loop yathu inkayenda chotsika. Choncho pa manambala 8 aja inkagwiritsa ntchito imodzi, n'kudumphira kutali, ndipo ikamadzabwerera kufuna enawo inkapeza atachotsedwa kale mu cache. Nambala ikakhala mu cache yoyandikira kwambiri, ya L1, imafika pa ma cycle 4 kapena 5. Ikachokera ku RAM imatenga ma cycle mazana. Purosesa yathu inkathera moyo wake pa kudikira.

Mnzathu wina, amene kuyambira kale ankaloza masamu ogawa, sanagonje msanga. Ndipo perf record ndi perf annotate, zimene zimaloza malo amene pulogalamu ikuthera nthawi, zitasonyeza kuti nthawi yambiri yaunjikana pafupi ndi langizo logawa lija, anaimirira n'kunena kuti, "Mwaona, mayi? Si ndinanena!" Mayiwo anamuuza kuti adikire. Chowerengera chikadzaza n'kuitana kernel, mtima wa Linux, kuti ilembe pamene pulogalamu yafika, purosesa imakhala itapitirira kale malangizo angapo, ndiye mlandu umagwera amene ali patsogolo. Vuto limeneli amalitcha skid. Komanso langizo logawalo linkaoneka lolemera chifukwa ndi limene linkadikira nambala yochedwayo. Mayiwo anayezanso ndi njira yolondola imene Intel imaitcha PEBS, yofanana cholinga ndi IBS ya AMD, atasankha kuwerenga manambala osowa mu cache. Chala chinaloza langizo lokatenga nambala. Mnzathuyo anakhala pansi, ndipo ndinamulemekeza chifukwa ndi iye amene anapempha kiyibodi n'kusinthanitsa ma loop awiri oyenda m'tebulomo, kuti pulogalamu iziyenda chopingasa.

Mizere iwiri yokha. Titayendetsanso, pulogalamu inamaliza tisanamalize n'kukambirana. Chimene sindidzaiwala n'chakuti chiwerengero cha malangizo chinali pafupifupi chomwe chija. Ntchito sinachepe, kudikira ndi kumene kunatha.

Chisangalalo chitatikwera, wina anati tiyeze zochitika zonse nthawi imodzi. Mayiwo anatichenjeza kuti zowerengerazi n'zochepa. Pa purosesa zambiri zakale za Intel, Hyper-Threading (njira yoti gawo limodzi la purosesa lizigwira ntchito ziwiri nthawi imodzi) ikakhala yoyatsa, pamakhala 4 zokha zimene munthu ungasankhe chowerenga, kuwonjezera pa 3 zokhazikika. Ukapempha zochuluka, perf imazipatsa mpata mosinthanasinthana n'kuyerekezera zotsalazo, ndipo kumapeto kwa mzere imalemba peresenti ya nthawi imene chochitikacho chinawerengedwadi. Ukapanda kuyang'ana peresentiyo, umatenga zoyerekezera ngati zenizeni. Anatinso IPC yokwera si umboni wakuti zonse zili bwino, pakuti pulogalamu imene ikungozungulira podikira loko, ndiye kuti mpata wake wogwiritsa ntchito chinthu chimene ina yatseka, imamaliza malangizo ambiri opanda phindu. Pofuna kuti tisasochere, anatilozera njira ya Top-down imene Ahmad Yasin wa ku Intel anafalitsa mu 2014: yamba wafunsa ngati purosesa ikusowa malangizo, ikudikira manambala kapena malo owerengera, ikutaya ntchito chifukwa cholosera molakwika, kapena ikumalizadi ntchito. Ukadziwa mbali, ndiye uzikumba.

Nafenso tinawaonetsa mmene timayesera mapulogalamu athu nthawi iliyonse wina akasintha kanthu, ndipo ophunzira awo anafunsa mafunso ambiri mpaka nthawi inatithera.

Usiku womwewo nditafika, ndinayesa perf stat pa seva yathu yobwereka ya pa intaneti. Pa cycles ndi pa instructions panangolembedwa kuti "not supported". Makina ambiri otere si enieni, ndi virtual machine, kompyuta yoyerekezera imene imayenda m'kati mwa ina, ndipo eni ake nthawi zambiri satsegula PMU kwa obwereka. Pa laputopu yanga zinatheka, nditatsitsa kaye nambala ya perf_event_paranoid imene inkandiletsa kuona zochitika za kernel. Pa msonkhano wathu wotsatira ndidzapempha kuti tipatule kompyuta imodzi yeniyeni ya ntchito yoyezayi, ndipo pulogalamu yosanja mafayilo, imene yakhala ikutisautsa kuyambira chaka chatha, ikhale yoyamba kupitapo.