Komiti ya dera m'malokeshoni akale a Lilongwe: kope la ndalama, ngalande ndi maliro

Aliyense amene anakhalapo ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mchesi amadziwa kuti malokeshoni akale ali ndi mavuto awoawo, osiyana ndi a madera omwe akutseguka kumene kunja kwa mzinda. Boma la Lilongwe linakhazikika mu 1904, ndipo pomwe likulu la dziko limachoka ku Zomba mu 1975, mbali ya Old Town inali kale ndi msika wake, masitolo ake ndi anthu ake. Mapuloti ambiri m'malokeshoni ozungulira tauni yakaleyi anadulidwa poganizira banja limodzi, nyumba imodzi ndi chimbudzi chimodzi kuseri. Lero pa puloti yomweyo pali nyumba ya makolo kutsogolo, mdadada wa nyumba za lendi kumbuyo, kagolosale pageti, ndipo madzi a pamalata onsewo akuthamangira mu ngalande yomwe ija ya kalekale. Eni mapuloti oyamba ambiri anatisiya, ana awo ena akukhala ku Area 49, ena ku Blantyre, ena ku Joni, lendi amangolandira pafoni.

Komiti ya dera yomwe siyambira pamenepa imakhala ikukonzera anthu omwe kulibe. Nchifukwa chake ntchito yoyamba si chisankho ayi, ndi kalembera. Anthu awiri, mayi ndi bambo, ayende khomo ndi khomo ndi kope lachikuto cholimba. Tsamba lililonse likhale la puloti imodzi: nambala ya puloti, dzina la mwini wake ndi foni yake, maina a mabanja onse okhala pamenepo, komanso ngati pali nkhalamba yokhala yokha, wodwala wa nthawi yaitali kapena munthu wa ulumali. Asiye mizere yambiri yopanda kanthu chifukwa a lendi amasinthasintha. Kalemberayu awerenge makomo, osati mapuloti. Mukawerenga mapuloti, puloti ya mabanja 8 idzasonkha chimodzimodzi ndi ya agogo okhala ndi mdzukulu mmodzi, ndipo mkangano wake sudzatha.

Buloko imodzi, kutanthauza chigawo cha dera, isapose makomo 50 kapena 60. Ikakula kuposa apo anthu sadziwana nkhope, ndipo munthu savutika kukana chopereka kwa amene sakumudziwa.

Za maudindo sitichedwapo: wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mamembala atatu kapena asanu, kuti chiwerengero chisagawike pakati povota. Chomwe timaumirira ndi chakuti a lendi akhale ndi mipando yosachepera iwiri, achinyamata mpando umodzi, ndipo amayi asangoikidwa pa usungichuma pokha. Amene mumawatcha amfumu kapena a buloko lida asakhale wapampando ndiponso asagwire ndalama. Iwo ndi oweruza komiti ikasemphana ndi anthu, ndiye sangaweruze mlandu womwe ali nawo mbali. Akhansala adziwitsidwe mwa kalata, komiti ya chitukuko ya wodi idziwenso, koma makaka a chipani asaoneke pa msonkhano wa dera. Tsiku lomwe nsalu ya chipani yayalidwa pa tebulo, theka la anthu limasiya kubwera.

Tsopano ndalama, pomwe makomiti ambiri amafera. Kawirikawiri si kuba kwenikweni. Msungichuma wabwereka pang'ono kuti agulire mwana mankhwala, akuti abweza kumapeto kwa mwezi. Wina wapereka chopereka panjira popanda lisiti. Maliro agwa usiku, ndalama zatuluka popanda wolemba. Pakatha miyezi itatu palibe amene angafotokoze, ndipo mphekesera zafika kale pa kiyosiki ya madzi. Mankhwala ake ndi osavuta koma amafuna khama. Gulani buku la malisiti la kaboni lokhala ndi manambala. Ndalama iliyonse yolowa, ngakhale yochepa bwanji, ikhale ndi lisiti: yoyera kwa wopereka, ya kaboni itsale m'buku. Wolemba kope asakhale wosunga ndalama. Mlembi alembe, msungichuma asunge, ndipo pa msonkhano wa mwezi munthu wachitatu wosakhala wa komiti awerenge ndalama zija pamaso pa onse n'kuziyerekeza ndi kope. Ngati mukugwiritsa ntchito Airtel Money kapena Mpamba, gulani simu ya komiti yokhayokha, isakhale nambala yomwe msungichuma amagulira mayunitsi a magetsi a kunyumba kwake. Foni isungidwe ndi mmodzi, nambala yachinsinsi ndi wina. Lembaninso ndalama zomwe zimadulidwa potapa, chifukwa timadulidwe timeneti tikaunjikana timasiya dzenje m'kope ndipo munthu wosalakwa amatchedwa wakuba. Thumba likakula, tsegulani akaunti ku banki ya osayinira atatu, awiri mwa iwo azisayina nthawi iliyonse.

Matumba akhale awiri ndipo asabwerekane: la maliro ndi la chitukuko. Thumba la maliro lisasanduke banki m'khonde. Ofuna kukongozana ayambitse gulu lawo padera, chifukwa imfa siyembekeza kuti wangongole abweze.

Pa maliro mpomwe anthu amaonera ngati komiti ndi yeniyeni. Mugwirizane pasadakhale, ndipo mulembe, kuti khomo lililonse limapereka chiyani: ndalama zingati, ufa wochuluka bwanji. Muyeso ukhale umodzi wodziwika, kaya ndi mbale ya pulasitiki kaya chigoba, wotolera aziyenda nawo. Mulembenso kuti thumba limathandiza ndani. Kodi ndi okhawo olembedwa m'kope la kalembera, kapena ndi m'bale yemwe anabwera kuchokera kumudzi kudzalandira chithandizo kuchipatala n'kumwalirira pakhomopo? Nanga ngati maliro akunyamulidwa kupita ku Dedza kapena ku Mchinji, komiti ipereka chipepeso chokha kapena ithandizanso pa mafuta a galimoto? Mafunso amenewa amayankhidwa pa tsiku la mtendere. Kuwakambirana pa siwa, anamfedwa akumva, n'kuchititsana manyazi. Ife timaona kuti wa lendi amene wakhala miyezi itatu ndipo wakhala akusonkha ayenera kuthandizidwa mofanana ndi mwini puloti amene anabadwira pomwepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Katundu wa maliro ndi chuma choyamba chomwe komiti iyenera kugula: tenti imodzi, mapoto aakulu anayi, mbale ndi makapu, ndowa ziwiri za mpopi zosambira m'manja, mababu awiri ndi chingwe chachitali cha magetsi. Chilichonse chilembedwe dzina la buloko ndi penti ya mafuta. Wobwereka asayine potenga ndi pobweza, ndipo mbale ziwerengedwe tsiku lomwelo. Tenti iumitsidwe isanapindidwe. Yopindidwa ndi chinyezi m'mwezi wa Januwale imachita nkhungu n'kung'ambika m'mipindo pomwe mwaifuna.

Ngalande ndiyo ntchito yomwe imaonetsa zipatso msanga, koma nthawi yake ndi imodzi: Seputembala ndi Okutobala, mvula ya Novembala isanagwe. Yambirani kumunsi, kumene madzi amatulukira, muzikwera nayo. Mukayambira kumtunda, mvula yoyamba idzakokolera zonse pa khomo la wa kumunsi, ndipo iyeyo sadzabweranso ku chitukuko. Anthu 12 amakwana pa chigawo cha mamita 100: anayi a mafosholo ndi makasu m'ngalande, awiri a reki, anayi a mawilibala awiri osinthana, awiri otsegula kalavati ndi nsungwi yaitali yomangirira waya wokhota kunsonga. Olowa m'ngalande avale magambuti ndi magolovesi olimba, poti mumakhala mabotolo osweka, zitini, mwina ndi masingano. Wovulala asangomanga kansalu, atsuke bala ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata.

Cholakwika chomwe chimabwerezedwa chaka ndi chaka ndi kuunjika zofukulazo m'mphepete mwa ngalande momwemo. Zimauma, mbuzi ndi ana amazimwaza, mvula ikagwa zonse zabwerera. Patulani pomwepo. Mchenga ndi dothi zikakwirire maenje a mumsewu, masamba apite ku dzenje la manyowa, mapulasitiki ndi matewera a ana alowe m'masaka. Tsiku lonyamula zinyalala kupita kumtaya ku Area 38 likambidwe ndi a khonsolo kapena ndi onyamula zinyalala ovomerezeka ntchito isanayambe, osati itatha. Ngati galimoto sinapezeke, bwezani tsiku la ntchitoyo. Musawotche mapulasitiki pakati pa nyumba, utsi wake umapweteka ana ndi odwala mphumu.

Pomwe ngalande yagumuka ndipo mwasonkha ya simenti, funsani kaye a khonsolo, chifukwa msewu ndi ngalande zake ndi za mzinda, komanso a Lilongwe Water Board akuuzeni podutsa mapaipi. M'malokeshoni akale mapaipi ena ali pafupi kwambiri ndi pamwamba poti dothi linakokoloka, ndipo piki imodzi ikhoza kuumitsa mipopi ya mzere wonse. Konkire ya pansi pa ngalande: thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, mawilibala awiri a kwale, kukhuthala kwake masentimita 10. Matope omangira m'mbali: thumba limodzi ku mawilibala awiri a mchenga. Ngalande itsike pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, yesani ndi chingwe ndi levulo, osati ndi maso. Ikatha, ithiriridwe madzi masiku 7 ndipo iphimbidwe ndi masaka. Apa mpomwe ambiri amagwa ulesi, ndipo konkire youma ndi dzuwa la Okutobala imang'aluka mvula isanathe. Ena amawonjezera mchenga kuti simenti ifike patali. Bola kumanga mamita 10 olimba chaka chino n'kupitiriza chaka chamawa.

Kolera ya 2022 ndi 2023 inakhudza kwambiri mzinda uno, ndipo komiti yanzeru imayenda ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo. Iwo ndi amene amagawa klorini ndi kufotokoza muyeso wake. Ntchito ya komiti ndi kuwatsogolera ku makomo ndi kulankhula ndi eni mapuloti omwe zimbudzi zawo zadzaza, makamaka aja okhala kutali. Mwini puloti aimbiridwe foni, kenako alemberedwe kalata yosayinidwa ndi amfumu, asanatengeredwe kwina.

Za ulonda wa usiku tinene mwachidule koma mosabisa. Gulu lisayambe lisanakaonane ndi wapolisi woona za chitetezo cha m'madera pa polisi yapafupi, ndipo maina a oyenda usiku alembedwe kumeneko. Aziyenda anayi kapena kuposa, ndi matochi, mawenzulo ndi zovala zonyezimira. Wogwidwa aperekedwe kupolisi osamenyedwa. Kulanga munthu nokha ndi mlandu, ndipo kangapo konse womenyedwayo amapezeka kuti ndi wa kabaza kapena mlonda wochokera kuntchito. Oyenda usiku asalipiritse odutsa, asatolerenso okha ndalama m'makomo. Zonse zidzere kwa msungichuma ndi lisiti.

Nanga anthu ongodzipereka amasungidwa bwanji, pomwe ambiri anazolowera kufunsa za alawansi? Auzeni zoona pa tsiku loyamba kuti palibe malipiro, ndipo musalonjeze kuti bungwe lina likubwera. Kenako lemekezani nthawi yawo. Ambiri m'madera amenewa amadya za tsiku lomwelo: a geni ku msika waukulu ndi ku Tsoka, akalipentala ndi owotcherera zitsulo ku Mchesi, amakanika ku Biwi. Munthu wotere akataya m'mawa wonse wataya ndiwo za ana. Ntchito iyambe 6 koloko ithe 8 koloko, ndipo ithedi. Mu 2020 boma linakhazikitsa tsiku losesa la dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo komiti ikhoza kuligwiritsa ntchito, koma komwe ambiri ndi a geni Loweruka m'mamawa ndi pomwe anthu amatuluka. Kumbukirani a Seventh Day Loweruka ndi Asilamu Lachisanu masana, muzisinthasintha masiku kuti pasakhale wosalidwa. Wolephera kubwera atumize wina wa pakhomo pake kapena apereke kandalama komwe munagwirizana. Nkhalamba ndi odwala asalipitsidwe. Chindapusa chikakula anthu amayamba kuitcha thangata, ndipo zikafika apo kuwabweza n'kovuta.

Msonkhano usapose ola limodzi, mfundo zitatu basi, ndipo uyambe ndi kuwerenga kope la ndalama. Gulu la WhatsApp ndi lothandiza pa uthenga wa maliro ndi wa madzi, koma mfundo isamangidwe pamenepo, chifukwa agogo aja omwe anafika m'deralo misewu isanalambulidwe alibe foni zotero. Iwowo ndi amene amadziwa pomwe panali bikoni ya malire, pomwe kanjira ka anthu onse kankadutsa mpanda usanatseke, ndi komwe madzi ankalowera nyumba zisanachuluke. Achinyamata awiri akhale nawo pansi ndi pepala lalikulu, ajambule mapu a buloko monga momwe akufotokozera, alembe ndi chaka chomwe banja lililonse linafika. Mapuwo sangalowe m'malo mwa zikalata za khonsolo, koma amathandiza amfumu pa mikangano ya malire ndipo amaonetsa pomwe ngalande yotsekedwa iyenera kutsegulidwanso.

Maudindo akhale a zaka ziwiri, ndipo pa chisankho pazituluka theka la komiti kuti otsala aphunzitse atsopano. Tsiku lopatsirana likhale lomwelo la chisankho, pamaso pa anthu: kope la kalembera, kope la ndalama, mabuku onse a malisiti ndi akale omwe, foni ndi simu, makiyi a mosungira katundu, mapu, ndi mndandanda wa mawilibala, mafosholo ndi mapoto. Zonse ziwerengedwe chimodzichimodzi, otuluka ndi olowa asayine, amfumu asayine pomaliza. Nambala yachinsinsi ya foni isinthidwe anthu asanabalalike, ndipo kalata yosintha osayinira ipite ku banki sabata yomweyo.