Wadula ndani, wasoka ndani, nanga dzinalo ndi la ndani?

Mu 1933 kampani ya Sears ku America inalengeza mpikisano wa zofunda za zigamba, zija amati quilt, pokonzekera chiwonetsero chachikulu cha Century of Progress mumzinda wa Chicago. Nthawi imeneyo chuma cha dzikolo chinali chitagwa chagada, abambo ambiri ali pa ulova, ndiye mphoto ya madola 1,000 sinali nkhani ya masewera. Zofunda zoposa 24,000 zinalowa nawo. Chimene chinapambana chinalembetsedwa m'dzina la Margaret Rogers Caden a ku Lexington, m'chigawo cha Kentucky, ndipo chinakaperekedwa kwa Eleanor Roosevelt, mkazi wa mtsogoleri wa dziko. Patapita zaka zambiri, ofufuza mbiri ya zofunda awiri, Merikay Waldvogel ndi Barbara Brackman, anailondola nkhaniyi n'kupeza kuti mayi Caden sanasoke okha chofundacho. Ntchito anaigwira ndi amayi ena amene iwo ankawapatsa maganyu osoka, chonsecho malamulo a mpikisano ankafuna kuti wolembetsa akhale mwini manja. Chofundacho mpaka lero sichidziwika komwe chili.

Nkhaniyi tinaipeza kumayambiriro kwa teremu, m'kalasi ya madzulo imene ndimaphunzira kusoka ndi mbiri ya nsalu kuno ku England, ndipo yanditsogolera pa zonse zimene ndawerenga pambuyo pake. Masiku ano ndikaona chofunda chitapachikidwa pachiwonetsero, ndimayamba ndawerenga kapepala ka m'mbali kaja, kenako n'kuyang'ana ngati kakunena zonse zimene nsaluyo ikuonetsa.

Kwa amene simunachigwirepo, chofunda cha mtunduwu chimakhala chosanjikiza patatu. Pamwamba pamakhala nsalu yolumikiza tizidutswa, pakati thonje, pansi nsalu ina yathunthu. Kenako singano imabooleza zonse zitatu, mizere yambirimbiri, kuti thonje lisakaunjikane pakona mukachapa. Choncho pali ntchito ya kuganiza patani, ya kudula ndi kulumikiza, ndi ya kusoka kobooleza kuja. Munthu mmodzi akhoza kuzigwira zonse, koma nthawi zambiri manja amakhala angapo, ndipo mpamene mayina ena amasowera.

Mapaketi a nsalu zokonzeratu anatchuka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Marie Webster a ku Marion, Indiana, amene mapatani awo a maluwa anayamba kutuluka m'magazini ya Ladies' Home Journal mu 1911, anatsegula ndi anzawo kampani ya Practical Patchwork mu 1921. Munthu ankatha kuitanitsa papositi patani yokha, kapena paketi ya nsalu, kapena chofunda chogwiriziridwa kale ndi ulusi, ngakhalenso chotheratu. Makampani monga Bucilla, Paragon ndi Progress anadzawakuza malondawa, pomwe a Stearns & Foster ankasindikiza mapatani papepala lokutira thonje lawo la Mountain Mist, kuti wogula thonje apezerepo patani. Nyuzipepala ya Kansas City Star nayo inkatulutsa mapatani kuyambira 1928 mpaka 1961.

Aphunzitsi athu anabwera ndi paketi imodzi yakale yoteroyo, yosatha, imene anaigula kushopu ya zinthu zakaunjika. Tinaiyala patebulo. Nsalu yaikulu inali yoyera, koma m'mopinda monse munali mutachita chikasu. Paliponse panali timadontho tabuluu tofiira pang'ono ndi ukalamba, tojambula malo a duwa lililonse ndi tsamba lililonse, ndipo mkati mwa malo alionse munali nambala. M'thumba munali timipukutu ta nsalu ya pinki ndi yobiriwira todindidwa masamba omwewo ndi manambala omwewo. Ntchito ya wogula inali kudula tsamba nambala 14, kupindira m'mphepete mwake mkati, n'kulisokerera pamalo nambala 14. Timadonthoto tinkayenera kuchoka pochapa, koma pa zofunda zambiri zakale tinakana, ndipo n'timene osonkhanitsa zofunda amazindikirira kuti ichi chinachokera m'paketi.

Mwini wake woyamba anasoka mbali imodzi yokha n'kusiya. Chimene chinandigwira mtima ndi kusintha kwa dzanja lake. Pakona pamene anayambira, misoko ndi ikuluikulu, ulusi ukuonekera, nsonga za masamba ndi zobuntha chifukwa anapanikizira nsalu yambiri mkati. Mukamayenda ndi chala kulowera pakati, misoko ikunka nichepa, nsonga zikusongoka, mpaka duwa lomaliza ulusi wake mumachita kuufunafuna. Munthuyu anaphunzirira kusoka pansalu yomweyi. Pali anthu amene amanyoza mapaketi kuti ndi kusoka kwa aulesi. Ine sindigwirizana nawo. Mayi amene analibe agogo omuphunzitsa, kapena amene ankaopa kuononga nsalu yogula ndi ndalama yovuta, paketi inamupatsa poyambira. Chimene chimandiwawa ndi china: papepala la malangizo pali dzina la kampani lokha. Amene anajambula maluwawo satchulidwa, ndipo amene anasoka sanasiye ngakhale chilembo chimodzi.

Gawo limene tinakhalitsapo kwambiri ndi la Gee's Bend, ndipo nane ndikhalitsapo. Ndi mudzi waung'ono wa ku America, m'boma la Wilcox ku Alabama, umene mtsinje wa Alabama waukuta mbali zitatu. Dzinali linachokera kwa Joseph Gee, amene anatsegula munda wa thonje kumeneko mu 1816 pogwiritsa ntchito akapolo. Mu 1845 mundawo unapita m'manja mwa Mark Pettway, amene anabweretsa akapolo ake kuchokera ku North Carolina, ambiri a iwo akuyenda wapansi. Ukapolo utatha, mabanjawo anatsalira pamalo pomwepo n'kumalima mobwereka, ndipo mpaka lero ambiri ndi a Pettway, dzina la munthu amene ankawaona makolo awo ngati katundu. Mu 1932 mitengo ya thonje itagwa, a ngongole ochokera ku Camden, tauni ya kutsidya kwa mtsinje, anabwera kudzalanda ziweto, zipangizo zolimira ndi chakudya, moti anthu anapulumukira thandizo la Red Cross.

Nyumba zawo zinali zamatabwa, mphepo yozizira ikulowa m'ming'alu, ndiye chofunda chinali chinthu chofunika kuti ana agone. Paketi ya papositi kunalibe woigula. Amayi ankang'amba mathalauza ogwirira ntchito, madiresi otha ndi masaka a ufa kapena a feteleza. Chimodzi mwa zofunda zimene tinaphunzira ndi cha Missouri Pettway, cha mu 1942, chimene anasoka ndi zovala za amuna awo, a Nathaniel, atamwalira. Pachithunzi mumaona timagawo ta imvi ndi tabuluu wofwifwa, malo ena otuwa pamene maondo ankakhudza nthaka, ena akuda pamene panali thumba lomwe dzuwa silinafikepo. China ndi cha Annie Mae Young, cha mu 1976: m'mbali monse majinzi akale, pakati timizere tofiira ndi tachikasu towala. Mizere yake sikuwongoka ngati ya pa rula, ndipo sanafune kuti iwongoke. Amayi a kumeneko anali ndi mapatani awo okondedwa, monga lija amati Housetop, la mabokosi ozungulirana kuchokera pakati, koma aliyense ankalipotoza mwa njira yake.

Timizere towala tija tili ndi mbiri yake. Mu 1962, anthu akuda atayamba kulimbikira zolembetsa m'kaundula wa zisankho ku Camden, boti lowolotsa anthu pamtsinje linaimitsidwa, ndipo ulendo waufupi wopita ku Camden unasanduka wa pafupifupi ola lathunthu pagalimoto. Botilo linabwereranso mu 2006. Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda, anafika pamudzipo mu 1965, ndipo nyulu zimene zinakoka ngolo ya bokosi la maliro ake ku Atlanta mu 1968 zinachokera ku Gee's Bend. Mkati mwa nyengo imeneyi, mu 1966, wansembe wina wa mpingo wa Episcopal, Francis X. Walter, anathandiza amayi a m'derali kuyambitsa kopaletivi ya Freedom Quilting Bee, imene Estelle Witherspoon anaitsogolera kwa zaka zambiri. Mu 1972 kopaletiviyi inapeza oda yosoka zovekera mapilo za Sears, kampani yomwe ija ya mpikisano wa 1933. Nsalu yake inali corduroy, ija imakhala ndi timizere totukuka ngati mizere ya m'munda. Zovekera mapilo zinkayenera kufanana ndendende, saizi imodzi, msoko umodzi. Koma zidutswa zotsala amayi ankapita nazo kunyumba, ndipo kumeneko zinasanduka zofunda zimene lero zili m'nyumba zosungira zaluso. Masana ankasoka motsatira muyeso wa kampani, madzulo ankasoka zimene maso awo afuna, ndi nsalu imodzimodziyo.

Mu 2002 zofunda za ku Gee's Bend zinaonetsedwa ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, chifukwa cha khama la wosonkhanitsa zaluso William Arnett, amene anafika pamudzipo atakopeka ndi chithunzi cha chofunda cha Annie Mae Young. Mu 2006 a positi ofesi ya America anatulutsa masitampa 10 a zofundazi. Chachikulu kwa ine n'chakuti pakhoma panalembedwa mayina: Mary Lee Bendolph, Loretta Pettway, Lucy Mingo, Annie Mae Young ndi ena. Si nthawi zonse zinkatero. Pachiwonetsero chotchuka cha zofunda cha ku Whitney komweko mu 1971, anthu anachita chidwi ndi maonekedwe, koma osoka ambiri sankadziwika n'komwe kuti anali ndani.

Komabe dzina pakhoma silinathetse zonse. Olemba nkhani za luso ankatamanda zofundazi pozifananiza ndi zojambula za akatswiri otchuka a ku Ulaya, ngati kuti mayi wa ku Alabama amafunika mboni yochokera ku Paris kuti ntchito yake iyamikiridwe. Zimenezi sizinandikomere, chifukwa amayiwa anaphunzira kwa amayi awo ndi azakhali awo, ndipo mzere wa aphunzitsi awo ukhoza kulondoleka mibadwo ingapo. Nkhani ya ndalama nayo inavuta. Mu 2007 ena mwa osokawo anakasuma kukhoti pa za umwini ndi phindu la zofunda zawo, ndipo milanduyo inatsekedwa chaka chotsatira. M'kalasi tinatsutsana kwambiri pa za amene analakwa. Ine ndinangoona kuti chofunda chikachoka pabedi n'kukwera khoma, mtengo wake umakwera msanga kuposa moyo wa amene anachisoka.

N'chifukwa chake ziwonetsero za m'mudzi ndimazikonda kuposa za m'nyumba zikuluzikulu. Ku Gee's Bend kunali chizolowezi choyanika zofunda pazingwe ndi pamipanda dzuwa likawala, ndipo amayi ankayenda khomo ndi khomo kuona zimene mnzawo wasoka, n'kubwerera kwawo ali ndi maganizo atsopano. Panalibe woweruza, komanso panalibe wofunsa kuti ichi n'cha ndani, poti chinali pampanda wa mwini wake. Ku Sisters, m'chigawo cha Oregon, Jean Wells anapachika zofunda zochepa kunja kwa shopu yake mu 1975, ndipo lero Loweruka lachiwiri la mwezi wa Julayi tauni yonse imavala zofunda zoposa 1,000 m'makoma a mashopu, anthu n'kumaona ulere. Ziwonetsero zazikulu ngati za ku Paducah ku Kentucky kapena Festival of Quilts ya ku Birmingham kuno ku England zili ndi ubwino wake, makamaka kwa ife ophunzira amene timafuna kuona msoko wa akatswiri pafupi, koma kumeneko osoka sumakumana nawo mophweka.

Kalasi yathu ilowa nawo kachiwonetsero ka m'dera lathu, m'holo ya tchalitchi. Mkangano wabuka wakuti zofunda za m'paketi ziloledwe kapena ayi, popeza mipikisano yambiri ya masiku ano imazikana kapena kuziika m'gulu lapadera. Ine ndikuti ziloledwe, bola kapepala kanene chilungamo: patani ndi ya kampani yakuti, wasoka ndi uje, wabooleza pamakina ndi uje. Mlandu wa mu 1933 sunali wakuti anthu anathandizana. Unali wakuti mmodzi analandira mphoto, anzake osatchulidwa.

Changa chimene ndikusoka nachonso si cha manja anga okha. Zidutswa zake ndi za zitenje, zimene achemwali anga anatolera kwa telala wina wa kumsika kwathu n'kunditumizira. Zambiri zabwera zokhota, chifukwa ndi zotsala podula khosi la bulauzi ndi m'khwapa mwa diresi, ndipo m'malo moziwongola ndazisiya kuti kukhota kwake kulamulire patani. Ndiye kuti theka la kudula anagwira ndi sizasi ya telalayo, ndipo mitundu anasankha ndi makasitomala ake. Fomu yolembetsera ili ndi mzere umodzi wokha wa dzina. Ndalembera okonza chiwonetsero kupempha kuti awonjezere malo a wojambula patani ndi a ena onse amene anagwirako, ndipo ayankha kuti akakambirana pamsonkhano wawo wa mwezi wamawa. Pakadali pano ndawauza achemwali kuti akafunse telalayo ngati angalole kuti dzina lake ndilisokerere kuseri kwa chofundacho.