Tabuleti, foni ndi aphunzitsi awiri m'kalasi ya Sitandade 2

Wophunzira uphunzitsi wa pulayimale m'Malawi amakhala materemu awiri kukoleji, kaya ndi ku Kasungu, ku Machinga, ku Karonga kapena ku Phalombe, kenako materemu awiri kusukulu ya TP (yoyesererako kuphunzitsa), n'kubwereranso kukoleji kukamaliza awiri otsalawo. Dongosolo limeneli la IPTE (maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale) lidayamba mu 2017. Kuyambira mu 2023, ena akafika kusukulu ya TP akumapeza matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, yomwe idayamba ndi sukulu 500 ndipo cholinga chake n'kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. M'matabuletimo muli maphunziro a kuwerenga ndi masamu opangidwa ndi bungwe la onebillion. Safuna intaneti, ndipo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa.

Tabuleti imaphunzitsa mwana mmodzi amene wayigwira. Sidziwa kuti lero m'kalasi mwaphunzitsa phatikizo lanji, ndipo singakuuzeni chifukwa chimene mwana wina wakhalira duu chala chili m'kamwa. Ntchito imeneyo ndi ya maso ndi makutu a mphunzitsi, koma mphunzitsi mmodzi pakati pa ana oposa 100 sangaikwanitse. Apa m'pamene ophunzira uphunzitsi ali ndi mwayi umene mphunzitsi wokhazikika sakhala nawo kawirikawiri: amapita kusukulu angapo, ndipo pamwamba pawo pali menta, mphunzitsi wowatsogolera pasukulupo. Anthu awiri akagawana bwino ntchito m'kalasi imodzi, zipangizozi zimayamba kupindulitsa.

Tiyerekeze kalasi ya ana 120 ndi matabuleti 40. Ndiye kuti pali magulu atatu, ndipo gulu limodzi likakhala pa matabuleti, ana 80 atsala. Cholakwika chofala n'chakuti aphunzitsi onse awiri amathamangira kumene kuli matabuleti, poti n'kosangalatsa, n'kusiya ana 80 aja ndi mtsogoleri wa kalasi ndi ndodo yolozera pabolodi. Gawanani Lolemba kusanache: mmodzi ndi wa gulu la matabuleti sabata yonse, wina ndi wa otsalawo, sabata yotsatira musinthane. Mphindi 30 za gulu pa matabuleti zimatha msanga. Kugawa, kuvala mahedifoni ndi kutolera kukadya mphindi zisanu koyamba ndi zisanu komaliza, mwana waphunzira mphindi 20 zokha. Njira yochepetsera n'kukhala ndi malo okhazikika: mizere isanu ya ana asanu ndi atatu, mwana aliyense adziwe malo ake, ndipo wa kumapeto kwa mzere ndiye azilandira ndi kubweza zipangizo za mzere wake.

Mphunzitsi wa gulu la matabuleti asakhale pampando. Ayende kumbuyo kwa mizere ndi kope m'manja, akuyang'ana zala za ana. Mwana wogogoda paliponse mofulumira mpaka yankho litavomera sakuphunzira, akulota mwayi. Mwana amene amayamba wasuzumira kwa mnzake asanakhudze tabuleti yake sakumva malangizo. Musanaganize kuti ndi wofooka, valani hedifoni yake mumve nokha, chifukwa nthawi zambiri waya amakhala waduka m'kati pafupi ndi pulagi, poti ana amakoka chingwe m'malo mogwira mutu wake. Ngati hedifoni ili bwino, muyimireni kumbuyo mumuitane dzina motsitsa mawu. Ana ena amene amanenedwa kuti ndi amwano amakhala ndi vuto la kumva lomwe palibe adaliona, ndipo oterewa ayenera kudziwika kwa mphunzitsi wamkulu ndi makolo kuti akaonedwe kuchipatala. Palinso nkhani ya chiyankhulo. Ku Mangochi ndi ku Machinga ana ambiri amafika kusukulu akuyankhula Chiyao, ku Nsanje Chisena, kumpoto Chitumbuka kapena Chinkhonde. Mwana wotere akhoza kudziwa kuwerengera mpaka khumi koma n'kulephera chifukwa sakumva liwu loti "sankha" kapena "kokera". Mphindi zitatu zomusonyeza mawu a malangizowa ndi manja zimatha kumasula zonse.

Pa kasamalidwe palibe zambiri, koma zochepazo zikanyalanyazidwa ntchito imaima. Fumbi la mu Okutobala likaunjikana pa mapanelo a sola, magetsi amachepa, choncho azipukutidwa ndi nsalu yofewa yonyowa m'mamawa asanatenthe. Mu Januwale ndi Febuluwale mitambo imachepetsa mphamvu, ndiye wina akatchajirapo foni yake, gulu lachitatu mawa lipeza matabuleti ozima. Tabuleti isasiyidwe padzuwa, kutentha kumapha batire. Mahedifoni azipukutidwa gulu likamatuluka, makamaka ngati m'kalasi muli ana a chipere.

Sukulu zambiri za TP zilibe matabuleti, koma foni imene ili m'thumba mwa wophunzira uphunzitsi ndi chida chokwanira pa ntchito ziwiri zimene, m'kuona kwathu, zimaposa zina zonse.

Yoyamba ndi kuyeza kuwerenga. Lembani pa katoni maphatikizo 50, mizere khumi ya maphatikizo asanuasanu, osakanizidwa. Musawandandalike monga ba be bi bo bu, chifukwa ana amaloweza mndandanda umenewo ngati nyimbo ndipo amauimba osayang'ana. Mmodzi wa inu apitirize phunziro, wina atenge mwana mmodzimmodzi kukhala naye pakhonde, atchere wotchi ya pa foni mphindi imodzi, mwana awerenge akuloza ndi chala. Akakhala chete masekondi atatu, muuzeni apite pa lotsatira. Akalephera mzere woyamba wonse, imitsani, mumuthokoze, abwerere m'kalasi asanachite manyazi. Mwana mmodzi amatenga pafupifupi mphindi ziwiri kuphatikiza kubwera ndi kubwerera, ndiye ana 12 patsiku ndi otheka, ndipo m'masabata awiri kalasi ya 120 yatha. Chofunika kulemba si chiwerengero chokha ayi, koma chimene mwana wanena m'malo mwa cholondola. Amene wawerenga "da" pamene palembedwa "ba" akusokoneza maonekedwe a malembo. Amene wawerenga "pa" pamene pali "pha" sakusiyanitsa liwu lotuluka ndi mpweya, ndipo mankhwala ake ndi mawu apawiri: pala ndi phala, kama ndi khama, ponya ndi phonya, dzanja lili pafupi ndi pakamwa kuti amve mpweyawo. Amene akukhumudwa pa "nga" ndi "ng'a" afunika ngoma ndi ng'ombe. Mavuto atatuwa ndi osiyana, ndipo kubwereza phunziro lomwelo kwa kalasi yonse sikuthetsa ngakhale limodzi. Madzulo awiriwo akhale pansi ndi kope lija, agawe ana malinga ndi cholakwika chawo, kenako chikonzero cha phunziro la mawa chikhale ndi mphindi khumi za magulu amenewo.

Ntchito yachiwiri ndi kudzijambula mawu pophunzitsa. Mawu okha, osati kanema: mawu amadya pafupifupi 1MB pa mphindi, pomwe kanema wowoneka bwino amatha kufika 100MB pa mphindi yomweyo, komanso amaonetsa nkhope za ana. Pemphani kaye kwa mphunzitsi wamkulu ndi menta. Ikani foni pa airplane mode kuti isalire, muyiike chapakati pa kalasi, osati patebulo panu, apo ayi mudzamva mawu anu okha ndi kulira kwa choko. Pomvetsera, musafunse kuti "Ndaphunzitsa bwino?" Werengani zinthu zowerengeka. Pa mphindi 30 za phunzirolo, ndi zingati zimene ana amawerenga, ndipo ndi zingati zimene mphunzitsi amayankhula? Ndi ana angati amene awerenga paokha? Mutafunsa funso, mwadikira masekondi angati musanaloze woyankha? Pulogalamu ya dziko lonse ya kuwerenga ya NRP, yomwe idayamba mu 2016, imagawa phunziro patatu: mphunzitsi achita yekha, achitira limodzi ndi ana, ana achita okha. Foni imaulula kuti gawo lachitatu ndilo limafinyidwa. Lachiwiri limakoma m'khutu chifukwa kalasi yonse imayankha mokweza, koma mukamvetsera bwino mumapeza kuti mawu khumi okha ndiwo amatsogola, enawo amatsatira pambuyo pang'ono, kubwereza zimene amva. Kuyankha kwa chigulu kumabisa ana osawerenga mpaka kufika Sitandade 4.

Pouzana zimene mwamva, nenani chinthu chimodzi, ndipo chikhale cha zimene ana achita. Kunena kuti "Madamu, pa mphindi ya 12 mudafunsa funso ndipo pasanathe sekondi imodzi mudaloza wa kutsogolo, am'mbuyo anali asanamalize kuyang'ana liwulo" kumathandiza kuposa kumuuza kuti akufulumira. Zokonza zikachuluka mnzanu amangodziteteza. Mukatha kumvetsera, fufutani zojambulazo.

Magulu a WhatsApp a ophunzira uphunzitsi amayamba bwino, kenako amadzaza ndi za mpira ndi mauthenga ongotumizirana. Gulu la ntchito likhale lapadera, la anthu osapitirira khumi ophunzitsa sitandade imodzi, ndipo mukhale menta mmodzi kapena mphunzitsi wa kukoleji. Chotumiza chikhale vuto lenileni: "Ana asanu ndi awiri akulemba 21 ndikanena khumi ndi ziwiri, ndichite chiyani?" Wina adzayankha ndi chithunzi cha timitengo tomangidwa khumikhumi ndi zitsekerero za mabotolo, zomwe ndi TALULAR (kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi) yeniyeni yosafuna ndalama. Maina ndi nkhope za ana zisalowemo; chithunzi cha kope chijambulidwe dzina litaphimbidwa. Kugawana chikonzero chathunthu kuti anzanu angokopera n'kuwaphera mwayi, chifukwa chikonzerocho chidalembedwa poganizira ana ena. Amene muli pasukulu imodzi tumiziranani mafayilo pa Bluetooth, bandulo ya intaneti musunge.

Zotengedwa pa intaneti zifunika kusefa anthu awiri zisanafike kwa ana. Makadi a Chinyanja cha ku Zambia amalemba "cimanga" ndi "cinthu" pamene mabuku a ku Malawi amalemba "chimanga" ndi "chinthu", ndipo mwana wa Sitandade 1 akaona zonse ziwiri amasokonezeka. Nyimbo za alifabeti za pa YouTube zimaphunzitsa maina a malembo a Chingerezi, momwe lembo la e limatchulidwa ngati i wa Chichewa. Mwana wozolowera zimenezo amawerenga "mi" pamene palembedwa "me". Nyimbozo zili ndi malo ake m'phunziro la Chingerezi, koma muziuza ana poyera kuti tsopano tasintha chiyankhulo.

Aphunzitsi akale amakumbukira pulogalamu ya Tikwere ya pa wailesi ya MBC. Mphunzitsi wa pa wailesi ankasiya kampata kuti mphunzitsi wa m'kalasi aloze, afunse, ayendere ana, ndipo pamene mphunzitsi ankangoyatsa wailesi n'kutuluka, ana ankangomva phokoso. Menta amene adagwiritsapo ntchito wailesi imeneyo ali ndi zambiri zoti akuuzeni za matabuleti, ngakhale atakhala kuti sadziwa kuyatsa imodzi.

Pakatha masabata anayi kapena asanu, yezaninso ana omwe aja. Katoni ikhale yatsopano, maphatikizo omwewo koma osinthidwa malo, ndipo ayeze ndi yemwe adayeza poyamba kuti kawerengedwe ka zolakwika kafanane. Mwana amene wachoka pa maphatikizo 4 kufika pa 15 asamukire gulu lina. Amene akadali pa 0 dzina lake lipite kwa menta ndi mphunzitsi wa kalasiyo, pamodzi ndi tsamba la zolakwika zake, TP isanathe.