Bearded tit ija ndaijambula ku St Aidan's

Anzanga ojambula mbalame, Loweruka lapitali zatheka. Ndili ndi chithunzi cha bearded tit yamphongo, kambalame kakang'ono kokhala m'bango, chakuthwa mpaka m'diso, mutu wotuwa ndi ndevu zakuda zija zonse zikuoneka bwinobwino. Ndinaipeza ku St Aidan's, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Leeds ku England.

Amene simunafikeko, malo awa anali dzenje lalikulu lokumbamo malasha. Mu Marichi 1988 mtsinje wa Aire unagumukira m'dzenjemo n'kulidzaza madzi. Ntchito inadzayambiranso patapita zaka, n'kutha mu 2002, ndipo lero ndi madambo, maiwe ndi bango m'manja mwa RSPB, bungwe loteteza mbalame. Chimakina chokumbira chija, Oddball, chidakali chiimire pamtunda pafupi ndi poimika magalimoto, ndipo timakadzidzi ndi ma kestrel (mtundu wa akabawi) anachisandutsa nyumba. Ine ndimayamba ndachizungulira kaye ndisanatsikire kumadzi. Mwezi uno wa Okutobala mitengo ya birch yachita chikasu, njira yonse masamba okhaokha, abakha ochokera kumpoto ayamba kudzaza maiwe.

Chimene chandisowetsa tulo masabata apitawa ndi autofocus, njira imene kamera imadzisankhira yokha chinthu choti chioneke chakuthwa. Kambalame aka sikatuluka poyera. Umangomva "ping, ping" m'kati mwa bango, kenako waona kakukwera phesi, ukati udine, kamera yagwira tsamba la kutsogolo, mbalame yangokhala chithunzithunzi kumbuyo. Bird detection, luso la kamera lozindikira mbalame, imathandiza kambalame kakakhala pamtunda, koma m'bango logwedezeka ndi mphepo imangosakasaka. Ndinayesa kuchepetsa dera limene kamera imasakamo (zone), chimodzimodzi. Ndinakweza liwiro la shutter kufika 1/2000 ya sekondi poganiza kuti vuto ndi kugwedezeka, ISO (mphamvu yokokera kuwala) n'kukwera mpaka nthenga zonse kuoneka ngati phala la mgaiwa, chifukwa dzuwa la kuno nyengo ino ndi lofooka. Ndinkabwerera kunyumba khadi itadzaza bango lokongola lopanda mwini.

Chandipulumutsa ndi single point (kuloza kadontho kamodzi kokha) pamodzi ndi back-button focus (kugwira focus ndi batani la kumbuyo kwa kamera), kenako kukonza pang'ono ndi dzanja. Ndimaloza phesi limodzi, ndikagwira ndimachotsa chala, n'kudikira. Chinanso n'kudziwa khalidwe la kambalameka. Nyengo ino kamasiya tizilombo n'kuyamba kudya njere za bango, choncho kamafuna timiyala toperera njerezo m'nthutumba. M'mamawa kopanda mphepo kamakwera pamwamba pa ngayaye kapena kutsikira m'mphepete mwa njira kukatola timiyalato. Tsiku la mphepo musadzivutitse n'komwe, ingopitani kwa abakha.

Lenzi ndi yomwe ija ya 150-600mm imene ndinagula yogwirapo kale ntchito ku MPB, kampani yogulitsa makamera ndi malenzi ogwirapo kale ntchito. Ndimawakonda chifukwa amaonetsa chithunzi cha chinthu chenichenicho chimene ukugula, ndi zokalika zomwe. Ndi yolemera, phewa limamva, koma ndi yomweyi inandijambulira mbalame za m'madzi zotchedwa black-necked grebe pamalo omwewa m'chilimwe, ndiye sindikuisiya msanga. Monopod, mwendo umodzi woimikirapo kamera, yokha ndiyo ndikuifunafuna, amene muli nayo yabwino ndiuzeni.

Tsopano mtima uli pa bittern, mbalame ya mtundu wa kakowa yobisala m'bango. Ndikufuna ili m'malere, mapiko otambasula, kumbuyo kwake kukuoneka Oddball, ngakhale sindinapeze poima poti zonsezo zikwane m'chithunzi chimodzi. Kuzizira kusanafike poipa ndikufunanso kuyendera malo ena a migodi yakale, Fairburn Ings ndi Old Moor, mwinanso Rother Valley masiku akapanda kufupika msanga.