Zikomo amayi a mandasi a ku Area 18

Lachisanu ndinagonja 6-0, 6-1 pa mpikisano wa tenisi umene ndinaukonzekera miyezi itatu. Tenisi ndi yowawa, ulibe mnzako wogawana naye manyazi. Ndinakhala pansi pa siteji ya minibasi, raketi pamiyendo, misozi ili chuchuchu.

Amayi, inu simunandifunse kanthu. Munangoti, "Mwanangu, idya kaye," n'kundipatsa mandasi awiri ndi madzi. Ndalama munakana.

Usiku womwewo ndinawayimbira aphunzitsi anga n'kuwauza zomwe ndakhala ndikubisa chaka chonse: kusowa tulo, mtima kugunda ndisanamenye n'komwe mpira woyamba. Katswiri wa tenisi Naomi Osaka anachoka mu mpikisano waukulu wa French Open mu 2021 atanena poyera za kuvutika maganizo, koma ine pakamwa panali gwa. Lolemba ndikukaonana ndi mlangizi, madzulo ake ndibwerera kubwalo. Zikomo amayi, ndidzadutsa pa siteji.